Lusiya Kuseri kwa Nsalu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili mu Fomu 2, pamene amayi anandipatsa ntchito yokonzekeretsa mng'ono wanga Lusiya kuti alandire Ukaristiya koyamba. Kabuku komwe ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku chaka chimenecho ndikadali nako. Chikuto chake chinadyedwa ndi mphemvu, koma mawu a tsiku loyambalo amawerengekabe: "Lero ndayamba kuphunzitsa Lusiya. Ndikhulupirira kuti pakatha masabata awiri akhala atawongoka." Ndikawerenga mzere umenewo lero, ndimalakalaka nditamutsina khutu mtsikana amene anaulemba.

Tinkakhala ku Kabwata, m'nyumba ya khonsolo ya zipinda ziwiri. Inali nthawi ya chipani chimodzi, nthawi yoima pamzere tsiku lathunthu chifukwa cha sopo kapena mafuta ophikira. Atate ankagwira ntchito pafakitale ina ku Heavy Industrial Area, ndipo amayi ankasoka zovala za anthu pakhonde ndi makina a pamanja. Makolo athu anachokera ku Chadiza, koma ife ana tinabadwira mu Lusaka, ndipo kumudziko tinkangokumva m'nkhani.

Lusiya anali ndi zaka khumi. Kulankhula ankalankhula, ndipo chimene chinkatisokoneza n'chomwecho. Akanakhala wosalankhula konse, tikanadziwa chochita. Koma iye ankakhala pansi pa tebulo la makina, akusankha tizidutswa ta nsalu timene amayi ankataya, akutikhudzitsa patsaya kamodzikamodzi, tofewa uku, tokhakhala uko, ndipo pakamwa pake pankatuluka nkhani zonse za pawailesi za dzulo lake, ndi mawu enieni a muulutsi uja. Katekisimu ankamunena kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndi mawu a mphunzitsi wake, ndi chifuwa chake chomwe. Koma ukangoima pamaso pake n'kumufunsa kuti, "Dzina lako ndani?" ankasanduka mwala. Kusukulu anali atamubweza kale, ndi kalata yonena kuti mwanayu sayankha. Malo okhawo amene ankamulandirabe kunja kwa nyumba yathu anali kutchalitchi.

Mphunzitsi wa katekisimu anali Ba Chanda, bambo wa ku Kasama, wovala suti ya safari yositidwa mpaka kuthwa, ndi mafuta a kumutu amene fungo lake linkafika munthu asanafike. Mayeso awo anali ndi njira imodzi yokha. Mwana ankaima kutsogolo, pafupi ndi bolodi la miyendo itatu, manja kumbuyo, maso kwa iwo. Ankafunsa mafunso asanu. Mwana akachedwa pang'ono, ankaliza zala n'kubwereza funsolo mokweza. Akachedwanso, ankabwereza mokwezanso. Lusiya anali atalephera kawiri, zaka ziwiri zotsatana, osatulutsa ngakhale liwu limodzi. Tsopano ankakhala pabenchi ndi ana a zaka zisanu ndi ziwiri, mawondo ake atali akuonekera patali. Ba Chanda anauza amayi kuti ulendo wachitatu ndi womaliza.

Nkhaniyi inafika kwa azakhali athu, aNambewe, mlongo wawo wa atate, amene ankakhala ku Chelstone. Anabwera Lamlungu lina masana, nakhala pampando wabwino, namuyang'ana Lusiya pansi pa tebulo kwa nthawi yaitali.

"Alongo," anatero kwa atate, "mwana uyu si wa m'tauni. Sukulu yamukana. Tchalitchi chamukana kawiri. Mukudikira kuti akanidwenso ndi yani? Ndipatseni ndipite naye kumudzi, akamuone odziwa zinthu izi."

Tonse tinkadziwa tanthauzo la odziwawo: kumugwira mwamphamvu anthu atatu, kumutema mphini, kumufukiza utsi. Lusiya anali munthu woti ukamugwira phewa mosamuchenjeza ankalumpha ngati wapsa. Kapu yake ikasowa sankamwa madzi tsiku lonse. Kumudzi kwa anthu osamudziwa akanakhala bwanji?

Atate anali atatopa. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Tione mayeso achitatuwa. Akalephera, mumutenge."

Amayi anangopitiriza kuzunguliza makina. Azakhali atachoka, anandiitana. "Yudita, wophunzira m'nyumba muno ndiwe. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Mng'ono wako asapite ku Chadiza."

Ndinavomera monyada. Ndinkadziona ngati mphunzitsi kale. Kusekondale kwathu kunali aphunzitsi ena aakazi a Chingerezi amene ndinkawasirira kwambiri, mpaka ndinkayesa kuyenda ngati iwo. Iwo ankati munthu amene sakukuyang'ana m'maso sakukumvera. Kunyumba anatilera kuti mwana polankhula ndi wamkulu aziyang'ana pansi, koma ine ndinaona ngati zimenezo n'zachikale, za anthu osapita kusukulu. Choncho njira yanga inali yosavuta. Ndikabwera kusukulu, ndinkamukoka Lusiya pansi pa tebulo, kumuimika pakhonde, n'kumugwira chibwano kuti andiyang'ane.

"Lusiya, niyang'ane. Masakramenti yali yangati?"

Zii.

"Nakufunsa. Yangati? Iwe! Yali yangati?"

Maso ake ankathawira kukhutu langa, kubatani la yunifolomu yanga, kudenga. Ndikabwereza kachitatu, ankayamba kugwedezeka chamtsogolo ndi chambuyo. Kachinayi, ankatseka makutu ndi zikhatho. Ndikamusiya, ankabwerera pansi pa tebulo, ndipo pasanathe ola ndinkamumva akutchula masakramenti onse asanu ndi awiri mwandondomeko, akuuza mwendo wa tebulo.

"Manje uziba!" ndinkakuwa. "Nanga paja unali kunichita chani?"

Kabuku kanga ka masabata amenewo n'kodzaza ndi madandaulo. "Lusiya amachita dala." "Lero ndamufunsa funso limodzi maulendo khumi ndi awiri." "Ndapereka mavuto anga kwa Mulungu, koma ndikadakwiyabe." Ndinayesa kumunyengerera ndi switi imene mnzanga wa ku Kabulonga anandipatsa. Anaitenga, naifundukula, nasunga kapepala kake kosalala, switiyo n'kuisiya padothi nyerere zikuidya. Switi, m'masiku amenewo! Ndinatsala pang'ono kulira.

Sabata lachinayi ndinayesa kumuopseza. Ndinamugwira chibwano mwamphamvu n'kunena kuti, "Ukakangiwa futi, bazakutenga ku Chadiza, bazakucheka na leza." Sanaonetse ngati wamva. Koma tsiku lotsatira, atate ndi amayi ali pakhonde, mawu anatuluka pansi pa tebulo, mawu anga enieni, ndi ukali wanga womwe: "Bazakutenga ku Chadiza, bazakucheka na leza." Anawabwereza masiku atatu, m'mawa ndi masana, ndipo masiku atatuwo sanadye bwino. Amayi sanandimenye. Anangondifunsa kuti, "Ndi zimene akukuphunzitsani kusekondale izi?" Bola akanandimenya.

Nditatero ndinasiya. Ndinalemba m'kabuku kuti, "Ndachita mbali yanga. Wosafuna kuthandizidwa sathandizika." Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri.

Loweruka m'mawa linali tsiku langa lochapa. Tinali ndi nsalu ya pabedi imodzi yoyera imene ine ndi Lusiya tinkagonera, yakale kwambiri, yochapidwachapidwa mpaka inafewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Ndikaiyanika pawaya kuseri kwa nyumba, Lusiya ankakonda kukaima mbali inayo, tsaya lake litatsamira pansalu yonyowayo. Zimenezi zinkandikwiyitsanso, chifukwa ankasiyapo chidindo cha nkhope. Tsiku limenelo ndinkangoona mapazi ake pansi pa nsaluyo. Ndinali ndi mkwiyo wosadziwa koupititsa, ndiye ndinayamba kumugeza Ba Chanda ndekhandekha, ndikukweza mphuno ngati iwo.

"We mwana! Ubatizo uchita chani pa munthu?"

Sindinkafunsa munthu aliyense. Nditangotero ndinaika mapegi atatu pakamwa, chifukwa ndinkalimbana ndi ovolosi ya atate, yolemera ndi madzi, imene inkakana kukwera pawaya. Ndinaifinya, ndinaikutumula, ndinaiponya pawaya, inagwa, ndinaitolanso. Funso lija ndinali nditaliiwala.

Kenaka kuseri kwa nsalu kunamveka mawu. Anayankha funso lonse, bwinobwino, osasiya kanthu. Ndipo sanali mawu a Ba Chanda, sanali a pawailesi, sanali anga. Anali mawu aang'ono, osalala, amene ndinazindikira kuti sindinkawadziwa bwino, ngakhale mwini wake ndinkagona naye bedi limodzi.

Ndinalavula mapegi, n'kukweza nsaluyo mwamphamvu. "Wakamba chani? Kamba futi! Lusiya, niyang'ane, kamba futi!"

Anatseka makutu n'kuthawira m'nyumba.

Ndinaima pamenepo madzi akudontha m'zigongono, nditakwiya kuposa kale. Madzulo ake ndinalemba kuti, "Umboni wapezeka. Amadziwa kuyankha, amangondizunza." Koma Lamlungu ku Misa nkhaniyo inakana kundichoka m'mutu. Ndinadzifunsa chimene chinasiyana dzulo lija. Sindinamugwire. Sankandiona. Ndipo sindinabwereze funso, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa pakamwa panali mapegi.

Lolemba nditabwera kusukulu ndinanyowetsa nsalu ija dala n'kuiyanika. Amayi anandiyang'ana ngati ndapenga. Posakhalitsa mapazi aja anaonekera. Ndinafunsa funso limodzi, motsitsa mawu, n'kudziluma lilime. Kudikira kunali kowawa kuposa kuchapa ovolosi. Thupi langa lonse linkafuna kunena kuti, "Wamva?" Kuti ndidzigwire, ndinapisa dzanja m'thumba n'kugwira kolona, ndikunena pemphero la mkanda umodzi chamumtima. Ndisanafike kumapeto, yankho linabwera.

Ndinafunsa lina. Mkanda umodzi, yankho. Lina lovuta: mikanda iwiri, yankho. Tsiku limenelo tinadutsa masamba anayi.

Lachitatu ndinalimba mtima kufunsa za kunja kwa katekisimu. "Lusiya, nikakuyang'ana, n'chifukwa chani suyankha?" Mikanda itatu inadutsa. Ndinaganiza kuti funsolo lamukulira. Ndili pafupi kutola beseni, anati:

"Nkhope ili na vinthu vambili."

Ndinakhala chete.

"Maso yayenda. Kamwa iyenda. Mafuta yanunkha. Mau yathaba."

Ndinayamba mkanda wina.

"Ukafunsa futi, niyambilanso."

Mawu atatu omalizawo anandikhalitsa pansi, pa beseni lovundikira. Masabata anayi onse aja, nthawi iliyonse imene ndinkabwereza funso, ndinkagwetsa yankho limene iye anali atayamba kale kulimanga. Maulendo khumi ndi awiri aja amene ndinadandaula nawo m'kabuku, anali maulendo khumi ndi awiri omuyambitsanso. Ndipo chibwano chimene ndinkagwira chija, ndinkamukakamiza kuyang'ana chinthu chomwe chinkamuthawitsira mawu.

Koma mayeso sakanachitikira kuseri kwa nyumba yathu. Lachinayi ndinapita kutchalitchi ndikadali mu yunifolomu, ndinawapeza Ba Chanda akupukuta bolodi. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, n'kufotokoza zonse mwaulemu umene ndinali nawo. Ndinapempha zinthu ziwiri: kuti pofunsa Lusiya aime kuseri kwa bolodi, ndiponso kuti afunse kamodzi kokha n'kudikira.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ati shani? Nibisale kumbuyo kwa bolodi? Ine?"

"Pang'ono chabe, Ba Chanda."

"Bana bonse baimilila pano, baniyang'ana, bayankha. Uyu ni mwana wa bandani kuti nimuthabe? Ba Fomu Tu, mwaphunzila maningi, ai? Manje mufuna kuphunzisa na ise. Mulungu azakamba naye kumbuyo kwa nsalu?"

Pamenepo ndikanayenera kukhala chete. Koma ndinali nditatopa ndi kukhala chete kwa masiku atatu. "Nanga polapa, a Fada sakhala kumbuyo kwa nsalu?"

Khutu lawo linagwedera. "Uli na kamwa, iwe. Choka."

Madzulo omwewo uthenga unafika kunyumba kuti mwana wanu wamkulu alibe mwambo. Amayi anandituma kukapepesa m'mawa mwake ndisanapite kusukulu, ndipo ndinapepesa, mano ndikukukuta. Za bolodi sanazitchulenso, nanenso sindinazitchule. M'kabuku ndinalemba kuti, "Akulu ndi ouma mitu kuposa Lusiya."

Mayeso anali Lachinayi la sabata lotsatira, masana, m'kalasi ya pambali pa tchalitchi. Azakhali aNambewe anabwera kuchokera ku Chelstone, nakhala pabenchi panja, chikwama pamiyendo. Anali atafunsa kale tsiku limene basi ya kum'mawa imanyamuka. Amayi anaima pakhomo la kalasi. Ine ndinaima pazenera, kolona m'dzanja.

Ana asanu ndi atatu anadutsa. Kenaka dzina la Lusiya linaitanidwa. Anaima kutsogolo, wamtali kuposa onse, manja kumbuyo monga anamuphunzitsira. Ba Chanda anaima pamaso pake, pafupi kwambiri, nafunsa funso loyamba. Zii. Analiza zala. Anabwereza mokweza. Ndinaona mapewa a Lusiya akuyamba kugwedezeka, ndi manja ake akumasuka kumbuyo kuti apite kumakutu. Ndinadziwa kuti zatha.

Ba Chanda anamuyang'ana. Anayang'ana amayi pakhomo. Sanayang'ane kuzenera, ngakhale ankadziwa kuti ndilipo. Kenaka anakankha bolodi ndi chala n'kunena mokweza, ngati akuuza kalasi yonse, "Iyi bolodi igwedela. Izagwela bana. Lekani nione mwendo wake."

Anazungulira n'kulowa kuseri kwake. Tinkangoona nsapato zawo zonyezimira ndi miyendo ya thalauzi. Anagogoda thabwa kawiri. Ndiye ali komweko, ndi mawu otsika, anafunsa funso lija kamodzi.

Ndinayamba mkanda. Nsapato ya kumanja inayamba kugunda pansi. Ndinamva akukoka mpweya kuti abwereze, ndipo ndinatsokomola mwamphamvu mpaka mwana wina anatembenuka. Mpweya uja unatuluka wopanda mawu. Mkanda unatha. Ndinayamba wachiwiri.

Lusiya anayankha. Anayankha akuyang'ana bolodi lakuda lopanda kanthu, ndi mawu ake aang'ono aja.

Ana anayamba kuseka, poona aphunzitsi awo akufunsa mafunso atabisala. "Chongo!" anatero mawu a kuseri kwa bolodi, ndipo kunakhala bata. Funso lachiwiri. Kudikira. Yankho. Lachitatu, lachinayi, lachisanu. Ndinkayembekeza kuti atuluka, koma sanatuluke. Anafunsa lachisanu ndi chimodzi, lachisanu ndi chiwiri, mpaka anayamba kufunsa za kalasi ya akuluakulu okonzekera kulimbitsidwa, zimene Lusiya ankangozimvera pazenera. Anayankha onse. Amayi anali atagwira chitseko ndi manja awiri.

Pomaliza Ba Chanda anatuluka, akupukuta choko pamanja. "Mwendo wankhala bwino manje," anatero. Analemba kanthu m'buku lawo. "Wapasa. Wina abwele." Potuluka anandipeza pazenera, nandiloza ndi chala. "Iwe, osaganiza ati ni nzelu zako. Bolodi inali kugwedela."

"Inde, Ba Chanda," ndinayankha.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, ine nditaphunzira phunziro langa. Koma sinathere pamenepo.

Azakhali, pofuna kuonetsa kuti analibe chifukwa ndi mwana, anabwera Lolemba ndi diresi loyera limene anabwereka kwa mnzawo wa ku Woodlands. Linali lokongola zedi: lesi m'khosi, lesi m'manja, louma ndi sitachi mpaka linkatha kuima lokha. Ine ndemwe ndinalisirira. Tinamuveka Lusiya. Sanathe nalo ngakhale mphindi imodzi. Anakuwa kukuwa kumene anthu a nyumba yoyandikana nafe anatulukira panja, analikoka m'khosi mpaka batani linaduka, nalivula, n'kuthawira kuchipinda atavala kamkati kokha.

"Mwaona?" anatero azakhali, akutola batani. "Ndinanena ine. Mwana wabwinobwino angakane diresi ngati ili? Zoyankha mafunso zija n'zomwezo, si iye amayankha. Lamlungu akakachita zimenezi pamaso pa mpingo, alongo anga adzabisa kuti nkhope?"

Atate anayang'ana pansi monga tsiku lija, ndipo tanthauzo lake ndinkalidziwa. Ulendo wa ku Chadiza unali utabwereranso.

Ndinalowa kuchipinda ngati mphepo. Ndinamupeza atadzipanikiza pakati pa bedi ndi khoma. Zonse zimene ndinaphunzira pawaya zinauluka. Ndinamugwira mapewa. "Pambuyo pa vonse vamene nakuchitila! Niyang'ane! N'chani chakuvuta? N'chani? Kamba!" Anatseka maso ndi makutu, nayamba kung'ung'udza. Ndinaona dzanja langa likupita kuchibwano chake, ndipo ndinachita manyazi.

Ndinatuluka, n'kutseka chitseko, n'kukhala pansi nditachitsamira. Ndinadikira mpaka kung'ung'udza kutatha. Amayi anabwera kudzaima pambali panga. Ndinafunsa kamodzi, kudzera pachitseko.

"Lusiya, dilesi yachita chani?"

Mkanda umodzi. Iwiri. Azakhali anayamba kunena kanthu, amayi anakweza dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita kwa alamu awo. Itatu.

"Iluma."

Patapita kanthawi anawonjeza kuti, "Ili na meno mu khosi."

Amayi anatenga diresi lija, napisa dzanja mkati, nayendetsa chala pa lesi ya m'khosi ndi pamisoko youma ija. Kenaka anapita pansi pa tebulo la makina, pamene panali milu iwiri ya tizidutswa ta Lusiya, nakhudza mulu wina, nakhudzanso winawo. Zaka zonsezo tinkasesa milu imeneyo ngati zinyalala. Amayi analowa kuchipinda, nasolola nsalu yoyera ija pabedi pathu, naiyala patebulo, n'kutenga sizasi.

"Mulamu!" anatero azakhali. "Mwana akalandire Ambuye atavala nsalu ya pabedi?"

"Ndi yoyera," anayankha amayi, sizasi ikuyenda.

Analisoka masiku awiri. Linalibe lesi, linalibe kolala, ndipo misoko yonse anaipindira kunja n'kuiphimba ndi kansalu, kuti mkati musakhale chokanda. Kunena zoona, silinali lokongola. Ndipo nsalu ina ya pabedi sinapezeke m'masitolo kwa miyezi ingapo, choncho ine, mphunzitsi wamkulu uja, ndinagonera bulangeti loyabwa mpaka nyengo ya mvula. M'kabuku muli madandaulo a zimenezonso.

Lamlungu lija Lusiya anayenda pamzere ndi ana anzake, wamtali kuposa onse, maso pansi, chala chake chikusisita mpendero wa diresi lake. Belu litalira anadzidzimuka, koma sanathawe. Anagwada, analandira, anabwerera pamalo pake. Ba Chanda anali ataima pambali pa mzere, ndipo ndinaona kuti iye podutsa, iwo anatembenukira kukhoma ngati akuwerenga chidziwitso. Azakhali anabwerera ku Chelstone ndi diresi la lesi litapindidwa m'chikwama. Za ku Chadiza sizinatchulidwenso m'nyumba mwathu.

Dzina la mmene Lusiya alili ndinalimva patapita zaka zambiri, tonse tili akuluakulu, kwa namwino wina amene Lusiya ankamusokera zovala. Anati ndi otizimu, nafotokoza kuti anthu otere ambiri amamva phokoso, fungo ndi kukhudza mwamphamvu kuposa ife, kuti nkhope ya munthu imatha kuwachulukira, ndiponso kuti ena amafuna nthawi kuti mawu alowe ndi kuti yankho lituluke. Anati si onse ofanana. Ndinamvetsera, ndikuthokoza kuti chinthucho chili ndi dzina. Koma zambiri mwa zimenezo Lusiya anali atandiuza kale yekha, ali ndi zaka khumi, kuseri kwa nsalu yonyowa. Ankatiuza kuyambira kalekale, ndi milu yake ya tizidutswa, ndi zikhatho zake pamakutu. Ife tinkati sayankha, pamene sitinkamusiyira mpata woyankhira. Ine ndinkaganiza kuti ntchito yanga inali kumuwongola, osadziwa kuti wofunika kuphunzira kutseka pakamwa ndinali ine.

Lero Lusiya amakhala nane ku Kaunda Square. Makina a amayi ndi ake tsopano, ndipo amayi ambiri a m'dera lathu amabweretsa kwa iye zovala za ana obadwa kumene, chifukwa misoko yake siluma. Timacheza kwambiri tikamatsuka mbale, titaima moyandikana, aliyense akuyang'ana m'beseni. Sindinganame kuti ndinasintha kotheratu. Ndikadali munthu wopupuluma, ndipo iye akadali munthu wondikwiyitsa. Sabata lathali ndinamufunsa ngati akufuna tiyi. Sanayankhe. Madzi anali akuwira, ine ndikuchedwa kutchalitchi, ndiye ndinafunsanso, mokweza.

Anaimitsa makina, osatembenuka. Panadutsa mkanda wathunthu.

"Yudita," anatero, "unafunsa kale. Manje niyambilenso."